Galimoto Yonyamula Akufa Okha

Dziko ndikunenali si lino ayi. Ndayamba ndi mawu amenewo dala, chifukwa alipo anthu ena amene amamva dzina lawo ngakhale pamene iwe ukuitana nkhuku. Dzikolo dzina lake ndi Pepanitu, ndipo lili kutali, kuseri kwa mapiri amene inu simudawaonepo. Wina akakufunsani kuti nkhaniyi mwaitenga kuti, muziti mwaitola panjira. Ine za boma sindizidziwa, ndimangoona ndi maso. Maso alibe mlandu, mlandu uli pakamwa.

Ku Pepanituko mfumu yaikulu idali Sindidwala Wachitatu. Dzinalo silidali lonama, chifukwa m'dziko mwakemo sadadwalemo n'kamodzi komwe. Mutu ukangoyamba kumuwawa ankakwera ndege kukadwalira kunja, n'kubwerako masaya atatuluka, atavala nsapato zatsopano. Agogo ake ndi bambo ake omwe adafera kunja komweko, ndipo wailesi idati onse adamwalira ali bwinobwino.

Tsono padali nkhani imene idavuta m'bwalo la nduna ku Mpandowanga, likulu la dzikolo. Wina adaganiza kuti pamangidwe Nkhokwe ya Odwala: khomo lililonse lizithirako pokolola, wolemera dengu, wosauka kambale, kuti aliyense akadwala azilandira mankhwala osayamba wagulitsa mbuzi kapena kusasula denga. Nkhani yomveka ngakhale kwa mwana. Koma nduna zidakhala nayo pansi mpaka ana obadwa chaka chimenecho adakula, kukwatira, n'kuyamba kudandaula msana.

"Mankhwala akakhala a aliyense, anthu ayamba kudwala dala," ankatero a Dikirani, nduna yoona za odwala. "Ine anthu athuwa ndimawadziwa. Mukam'baya mmodzi jekeseni waulere, mawa abwera ndi apongozi ake."

"Ine sindikhosomola," inkatero nduna ina. "Ndithirirenji chimanga changa pa chifuwa cha munthu amene sindidadyepo naye?"

Ena adati ayambe apita kumaiko ena akaone mmene anthu amadwalira kumeneko. Adapitadi gulu, n'kubwera ndi masutikesi olemera. Nduna ina yachinyamata idaimirira n'kunena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo vuto la bwalolo n'lakuti mudalibe wamva m'mimba. Adaiombera m'manja, ndipo sabata yomweyo adaitumiza kukakhala kazembe kudziko kumene kulibe ndi msewu womwe. Mwamvatu? Zoona sanenera pamene anthu akhuta.

Koma musaganize kuti ku Pepanitu zonse zidali zakufa. Unduna wa za maliro udali wamoyo kwabasi. Kumeneko ukulu wa nduna ankauyeza ndi manda amene yaimapo n'kulira, choncho a Chikhuza, nduna yoona za maliro, sankagona. Wolemera, wosauka, wa kumudzi, wa m'tauni, akangotsinzina, zake zonse zinkakhala zaulere: bokosi, tenti, mpunga, kwaya, nkhata zamaluwa. Pa zimenezo bwalo silidakanganepo. Palibe adafunsapo kuti bokosi likakhala laulere anthu sayamba kufa dala kodi.

Ambulansi ya chipatala cha Bweranimawa idali pamiyala, nkhuku zikuikiramo mazira. Koma galimoto ya maliro, yakuda, yonyezimira, mafuta sinkasowa. Popeza a Chikhuza maliro ankawachulukira, mtembo uliwonse ankayamba autengera kunyumba yachisoni ya chipatalacho, kuti ukadikire mufiriji mpaka tsiku limene bwana apeze mpata wodzalira. Ndipo lamulo lidati mtembo usalowe mufiriji dokotala asanauone. Ndiye kuti ku Pepanitu munthu aliyense ankaonana ndi dokotala ndithu, kamodzi.

Pamsika wa Nong'onezani padali bambo wina wokhoma zidebe ndi mbaula, dzina lake Binwelo, wa m'mudzi wa Musatiiwale. Tsiku lina lata ladzimbiri lidamutema pamwendo, mmunsi mwa bondo. Adamangapo kansanza n'kupitiriza kukhoma. Bala lidatupa, lidada, kenako lidayamba kununkha, mpaka munthu adagona pamphasa osatha ngakhale kukhala tsonga. Ku Bweranimawa kudali kutali, kabaza sakadamutha, ndipo pangolo akadafika atatha kale.

Mkazi wake Nachanza adayenda. Ku ofesi ya a Dikirani adamuuza kuti ambulansi ikudikira nkhokwe, ndipo nkhokwe ikudikira bwalo. Kwa abale ndi anansi, aliyense adati, "Pepani, tiziwapempherera." Adabwerera kudzera pamsika, n'kukhala pansi pafupi ndi a Zakeyu, mkulu wa adzukulu, aja okumba manda ndi kukonza mtembo. Masiku opanda maliro a Zakeyu ankagulitsa mipini, ndipo pakamwa pawo padalibe chotsekera, monga adzukulu onse.

"Mlamu, inu mukulakwitsa uthenga," adatero a Zakeyu. "Mukumauza anthu kuti munthu akudwala. Ndani amathamangira zimenezo? Mukadati watisiya, bwenzi pano galimoto ili pakhomo, ine ndikudya nkhuku."

Amayi ogulitsa tomato adaseka. Nachanza sadaseke.

"A Zakeyu, kodi amene amanena kuti munthu watha ndani?"

"Ndife adzukulu."

"Womukulunga?"

"Ndife."

"Nanga womuvundukula nkhope?"

"Palibe, mpaka kwa dokotala." A Zakeyu adaleka kupala mpini, n'kumuyang'ana. "Iii, mlamu! Ine ndimangocheza."

"Ine sindikucheza."

Ana inu, zimenezi musadzayesere. Kulira munthu wamoyo ndi malodza, ndipo malodza salephera kupeza khomo. Koma munthu akamira amagwira ndi lumo lomwe.

Nachanza atafika kunyumba adagwada pambali pa mphasa.

"Bambo a Tereza, mawa mumwalira."

"Ndikudziwa," adatero Binwelo. "Mwendowu wandiuza kale."

"Simunamve. Mumwalira m'mawa kuti madzulo mukaonane ndi dokotala."

Adamufotokozera zonse. Binwelo adayang'ana kudenga, thukuta lili chuchuchu.

"Tsono mulira ndithu, mayi a Tereza? Musakandichititse manyazi, anthu aziti sankandikonda."

"Misozi ndili nayo ya miyezi."

"Achemwali anga musawaike pafupi. Akamalira amatchula ndi mbuzi zomwe, ndiseka ine. Ndipo njinga yanga muibise kudenga, achimwene akamva afika."

Kutacha, a Zakeyu adalowa m'nyumba, adatuluka nkhope ili pansi, n'kutuma anyamata kukaika masamba pamsewu. Nachanza adayamba kulira, ndipo sadavutike kufuna misozi. Amayi a m'mudzimo, amene ambiri ankadziwa chilichonse, adalira naye zenizeni, aliyense akukumbukira wake amene adapita akudikira ambulansi ya nkhuku ija. Aja ankati tiziwapempherera adafika ndi ufa, nkhuni ndi ndiwo. Achimwene a Binwelo, amene miyezi yonse ya matenda adasowa ya basi, adatulukira dzuwa lisanatenthe, akulira uku maso akuzungulira m'nyumba kufuna njinga.

Galimoto idafika anthu asanadye n'komwe. Mthenga wa a Chikhuza adalengeza kuti bwana akhudzidwa kwambiri, ndipo adzabwera okha kudzaika malirowo Loweruka, choncho manda akumbidwe aakulu bwino. Adzukulu adanyamula Binwelo ali m'nsalu yoyera, n'kumugoneka pamatiresi. Chibadwire adali asanagonepo pofewa chotero. Nachanza ndi a Zakeyu adakhala mbali ndi mbali, ndipo galimoto ikagwa m'dzenje Binwelo ankaluma nsalu, Nachanza n'kukweza maliro kuti dalaivala asamve kubuula.

Pageti ya Bweranimawa padali mzere wa odwala wofika kumsewu, ena atagona pansi, ena atakhala pamenepo chiyambire dzana. Ataona galimoto yakuda adapatuka mwaulemu, abambo n'kuvula zipewa. Akufa sakhala pamzere.

Nyumba yachisoni ndiyo idali yokongola pachipatala ponse: pansi pokolopa, mozizira bwino, magetsi osazima. Adamugoneka patebulo. Mnyamata wa mmenemo adabwera ndi jekeseni wamkulu ngati mpope wa njinga. Binwelo adasuzumira pakampata ka nsalu.

"Mayi a Tereza," adanong'ona, "jekeseni uja wabwera."

"Khalani chete inu! Ameneyo ndi woumitsa mtembo."

"Koma ndi waulere?"

Nachanza adamutsina, n'kuimirira pakati pa mwamuna wake ndi jekeseniyo. "Achimwene, lamulo likuti ayambe aona adokotala."

"Adokotala ali ndi anthu ambiri, mayi. Timabaya, iwo amadzaona pambuyo. Palibe adadandaulapo."

"Awa adandaula," adatero a Zakeyu. "Malemuwa anali ovuta."

Nachanza adagwira mwendo wa tebulo n'kuyamba kukuwa kuti mwamuna wake sabayidwa mpaka lamulo la mfumu litsatidwe. Mnyamatayo atamva dzina la mfumu adaopa, n'kupita kukaitana dokotala. Adabwera mayi wina woonda, maso ofiira ndi tulo, n'kuvundukula nsalu.

"Mtembo uwu ukutuluka thukuta."

"Kunjaku kwatentha, adokotala," adatero a Zakeyu.

"Ndipo ukundiyang'ana."

"Anali munthu wachidwi."

Apo Binwelo adaona kuti zakwana. "Adokotala, pepani, ndife amoyo. Tangotionerani mwendowu, kenako tifa bwinobwino."

Dokotala sadakalipe. Mwina mphamvu zokalipira adalibe. Adamasula nsanza zija, adayang'ana nthawi yaitali, n'kutembenukira kwa Nachanza.

"Kunama kwenikweni simunaname, mayi. Maliro alipo, koma alekeza m'bondo. Tikachedwa akwera. Mukadabwera nawo mwezi watha ndikadangotsuka n'kumanga."

"Mwezi watha anali asanamwalire," adatero Nachanza.

Tsiku lomwelo adamudula mwendowo, ndipo Binwelo adadzuka ali wamoyo, wopepukirako mbali imodzi.

Nkhani sigona. Bwalo lija lidalephera zaka zonsezo kumanga nkhokwe lidakumana m'mawa mwake, nduna zina zitavala nsapato zosiyana chifukwa cha liwiro. Mfumu Sindidwala idali itangotera kumene kuchokera kunja, kumene idakaonetsa chikhadabo chomera mokhota.

"Mfumu, andibera maliro!" adalira a Chikhuza. "Wailesi yalengeza kale. Ng'ombe yagwa kale. Mawu anga ndaloweza, ndi polirira pomwe ndakonza. Kumudziko manda akumba. Ndikaime pa dzenje lopanda kanthu, anthu aziti chiyani?"

"Ine ndikuonapo chabwino," adatero a Dikirani. "Munthuyu wafika kuchipatala popanda nkhokwe. Ndiye nkhokweyo ndi ya chiyani? Anthu athu ndi anzeru, tisawaphe nzeru ndi zaulere."

"Amangidwe!" idakuwa nduna ina.

"Timumanga bwanji munthu amene wailesi yati adamwalira?" idafunsa inzake. "Mukufuna kunena kuti wailesi ya mfumu imanama?"

M'bwalomo aliyense adayang'ana nsapato zake. Ndipo mfumu, imene nthawi yonseyi inkasisita chala chake chodwala chija, idadzutsa mutu.

"Kodi chakufa chilipo?"

"Mwendo, mfumu."

"Mwendowo ndi wa munthu wathu?"

"Wathu ndithu, mfumu."

"Ndiye mukuvutikiranji? Maliro alipo."

Nduna zidaimirira n'kuomba m'manja mpaka zikhato kufiira, zikuti nzeru zotere sizipezeka m'dziko muno, n'zochokera kunja. Padatuluka lamulo loti mwendo wa Binwelo uikidwe Loweruka ndi ulemu wonse. Ndipo kuti amoyo asadzaberenso akufa mwayi wawo, kuyambira tsikulo mtembo uliwonse uzikhomeredwa m'bokosi kumudzi komweko, misomali yaitali, usanakwere galimoto. Dokotala uja adamusamutsira kumalire pa mlandu wodzutsa akufa popanda chilolezo. Za nkhokwe adati ziyambe zaima, si ulemu kukamba za odwala dziko lili pachisoni.

Pamsika wa Nong'onezani anthu adailandira nkhaniyo monong'ona, monga mwa dzina la msikawo.

"Mwamva? Mwendo wa Binwelo uimbiridwa ndi kwaya ziwiri," adatero mayi wa tomato.

"Wangawu wayenda chibadwire, sudaonepo ngakhale mafuta odzola," adatero wogulitsa makala.

"Ndiye mukuusungiranji? Mukuumana mwayi."

"Misomali yakwera mtengo kuyambira lero," adatero wa pahadiweya, akusintha kale zikwangwani.

"Tsitsani mawu," adatero mayi wa tomato uja. "Nonse muli ndi miyendo, angakukondeni."

Adanena zoona mayi ameneyo. Munthu usamaseke pamene a boma akufuna maliro.

Loweruka m'mawa Binwelo adamutulutsa m'chipatala, poti pansi pamene adagonapo pankafunika wina. Namwino adauza Nachanza kuti abwere nayenso bala lisanathe milungu iwiri, adzalione ndi kulitsuka, apo ayi kuola kuja kuyambiranso, ndipo ulendo uno podula padzasowa. Panja galimoto yakuda idali itaima, m'kati muli bokosi lonyezimira la zogwirira zagolide, mwendo uli phee m'menemo pa nsalu yofewa. Binwelo adafika akudumphira, dzanja lina paphewa la mkazi wake, lina pa a Zakeyu.

"Imani pomwepo," adatero dalaivala. "Inu ndinu aja munandipusitsa. Galimoto ino sinyamula odwala."

"Nanga anamfedwa mumanyamula?" adafunsa Nachanza.

"Anamfedwa inde. Mwini maliro amakhala kutsogolo."

"Tsono m'dziko muno alipo wachibale wa malemuwa woposa bambo awa? Adabadwa tsiku limodzi. Kulikonse ankayendera limodzi."

Dalaivala adakanda m'mutu, adafunafuna polakwika, adasowa. Adatsekula chitseko chakutsogolo, n'kunena kuti, "Pepani ndi zovutazi, bambo."

Ku Musatiiwale kudali anthu ngati nyerere. Matenti, zimkuzamawu, mpunga wa mafuta, magalimoto a nduna mpaka m'minda ya anthu. A Zakeyu adati iwo mtima wagwa, chifukwa manda okumbakumba sasiyidwa opanda kanthu, ndipo akadapanda mwendowo akadaikamo thunthu la nthochi, chinthu chosayenera nduna. Binwelo adamukhazika pampando wa khushoni pansi pa tenti, anthu akubwera mmodzimmodzi kudzamugwira dzanja. Achimwene ake adamupepesa ndi nkhope yokhumudwa zenizeni.

A Chikhuza adaimirira atavala zakuda.

"Abale anga, dziko lataya mwendo. Unali mwendo wolimbikira, mwendo wofatsa. Sudapondepo pamsonkhano wa anthu odandaula. Unkadzuka m'mamawa kupita kumsika, madzulo n'kubwerera, osapempha kanthu kuboma. Achinyamata, tengerani chitsanzo." Apa adafika paja adakonza polirira, n'kutulutsa kansalu. "Chondipweteka ine n'chakuti sitinauzidwe. Tikadadziwa kuti ukudwala, abale anga, tikadadziwa!"

Nduna zonse zidagwedeza mitu, a Dikirani kuposa onse. Kwaya idayamba nyimbo. Adzukulu adatsitsa bokosi ndi zingwe, lopepuka ngati mulibe kanthu, koma a Zakeyu adawauza kuti azibuula pang'ono, bwana asachite manyazi. Binwelo adamunyamula kuti akaponye dothi loyamba. Adaliponya, n'kuima kanthawi akuyang'ana m'dzenjemo, ndipo adaliradi, poti mwendowo udali wake.

Anthu atadya, nduna zikupita kumagalimoto, Nachanza adathamangira a Dikirani n'kugwada m'fumbi.

"Bwana, anamfedwawa akufunika kuchipatala bala lisanaole. Tipita bwanji?"

"Nkhani imeneyo ili m'bwalo, mayi," adatero a Dikirani akutokosa m'mano. "Ikuyenda bwino kwambiri. Pepani ndi malirowa." Chitseko chidatsekeka, galasi lidakwera.

Matenti adapasula, mipando adanyamula, ndi wa khushoni uja womwe adamuchotsapo Binwelo n'kumukhazika pamphasa. Padatsala atatu pakhonde, akuyang'ana fumbi la magalimoto.

"Njira yathu ija aitseka ndi misomali, mlamu," adatero a Zakeyu. "Ine munthu wamoyo sindingamukhomere."

Nachanza ankayang'ana bandeji, pamene padayamba kale kuoneka kadontho kofiira.

"Misomali ndi ya m'bokosi," adatero Binwelo pang'onopang'ono. "Mwini maliro samukhomera, amakhala kutsogolo. Chofunika n'chakuti pakhomo pakhale chakufa." Adadziyang'ana, n'kugwedeza phazi lotsalalo. "Musadandaule, mayi a Tereza. Ndikadali ndi mwendo umodzi ndi manja awiri. Maulendo atatu amenewo."

"Awiri," adatero Nachanza. "Dzanja lamanjalo ndi la nyundo. Tidya chiyani?"